Buku la jenereta likuti makilogalamu 18 pa ola, koma dizilo ndimagula m'malita

Funso

Ndili ndi chigayo komanso makina opunthira mpunga ku Salima. Magetsi akathima timaliza jenereta ya 100 kVA yomwe ndinagula kwa munthu. M'buku lake analemba kuti ikasenza ntchito yodzadza imadya dizilo 18 kg/h, pena analemba 210 g/kWh, ndipo pa tsamba lina pali 5.7 gal/h. Ine ndinawerengera kuti mgolo wa malita 200 uzindifikitsa maola 11, koma ukumatha tisanakwane n'komwe maola 10. Kodi jeneretayi inatha kale, kapena mnyamata amene amailiza akumandipungulira mafuta? Ndithandizeni ndisanamulankhule zoipa.

Yankho

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanamuitane mnyamatayo, chifukwa manambala mwalembawa paokha sakumupeza wolakwa. Injini yodya makilogalamu 18 pa ola imamaliza mgolo wa malita 200 m'maola 9 ndi mphindi pafupifupi 17. Pa ntchito yodzadza, maola 11 munkayembekezerawo sangatheke ngakhale jeneretayo ikanakhala yatsopano, yongotsitsidwa kumene m'bokosi.

Chakusokonezani ndi chakuti mwatenga kilogalamu imodzi ngati lita imodzi. Zimenezo zimagwira pa madzi okha. Lita imatiuza kukula kwa malo amene chinthu chadzadza, pomwe kilogalamu imatiuza kuchuluka kwa chinthu chenichenicho. Inu a chigayo mumaziona tsiku ndi tsiku: ndowa yodzadza chimanga ndi ndowa yomweyo yodzadza gaga sizilemera chimodzimodzi zikakwera pa sikelo. Dizilo ndi wopepuka kuposa madzi, n'chifukwa chake madzi akalowa m'thanki amakakhazikika pansi, dizilo n'kuyandama pamwamba. Ndiye kuti mupeze kilogalamu imodzi ya dizilo, lita imodzi siikwana, muyenera kuwonjezerapo.

Nambala imene imalumikiza ziwirizi ndi kulemera kwa lita imodzi ya mafutawo, komwe m'mabuku a injini ndi m'ziphaso za mafuta amalemba kuti density. Muyezo wa ku Ulaya wa dizilo wa pamsewu, wotchedwa EN 590, umalola kulemera kwa pakati pa makilogalamu 0.820 ndi 0.845 pa lita, mafutawo atayezedwa pa madigiri 15. M'mapepala ena mupeza alemba 820 mpaka 845 kg/m³. Ndi zomwezomwezo, chifukwa kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Ine powerengera ndimakonda kutenga 0.835 ngati sindinayeze ndekha mafutawo, ndipo ndi imene tigwiritse ntchito pano.

Masamu ake ndi awa:

malita pa ola = makilogalamu pa ola ÷ kulemera kwa lita imodzi

makilogalamu pa ola = malita pa ola × kulemera kwa lita imodzi

Tikatenga zanuzo, 18 ÷ 0.835 = malita 21.6 pa ola. Tikayenderanso mbali ina, mgolo wanu uli ndi 200 × 0.835 = makilogalamu 167 a dizilo, ndipo 167 ÷ 18 = maola 9.28, amene ndi maola 9 ndi mphindi 17 zija. Anthu ambiri amasokonezeka posadziwa pogawa ndi pochulukitsa. Njira yodzigwira nayo ndi yophweka: pa dizilo, petulo ndi palafini, nambala ya malita iyenera kutuluka yaikulu kuposa ya makilogalamu nthawi zonse. Mukawerengera n'kupeza malita 15 kuchokera ku makilogalamu 18, dziwani kuti mwachulukitsa pamene mumayenera kugawa.

Tsopano tione manambala ena awiri aja, chifukwa onse atatu akunena chinthu chimodzi.

Ya 5.7 gal/h ndi magaloni pa ola, ndipo apa pali msampha womwe wakola anthu ambiri. Magaloni alipo awiri. Galoni ya ku America ndi malita 3.785, pomwe ya ku Britain, imene makolo athu ankagulira mafuta dziko lino lisanayambe kugwiritsa ntchito malita, ndi malita 4.546. Mukachulukitsa 5.7 ndi 3.785 mupeza malita 21.6, zogwirizana ndendende ndi zomwe tapeza kale, kusonyeza kuti buku lanulo likunena galoni ya ku America. Mukanatenga ya ku Britain mukanapeza malita 25.9, kusiyana kwa malita oposa anayi pa ola lililonse. Ngakhale mgolo wanu womwewo uli ndi maina awiri: ku America amautcha wa magaloni 55, m'maiko amene ankatsata muyezo wa ku Britain amautcha wa magaloni 44. Mabuku ena a ku America amalembanso mapaundi pa ola, lb/h. Paundi imodzi ndi makilogalamu 0.4536, choncho mukadzaona 39.7 lb/h, ndi makilogalamu 18 omwewo.

Nambala imene ndikufuna muisamale kwambiri ndi ya 210 g/kWh, chifukwa ndi yomwe ingakuuzeni zoona za jenereta yanu. Ikutanthauza kuti injini imatentha magalamu 210 a dizilo kuti itulutse mphamvu ya kilowati imodzi kwa ola limodzi. Jenereta ya 100 kVA imapereka makilowati 80 a magetsi, chifukwa opanga amawerengera pa power factor ya 0.8, kutanthauza kuti kVA iliyonse imapereka makilowati 0.8. Koma magalamu 210 aja nthawi zambiri amayezedwa pa shafti ya injini, magetsi asanapangidwe, ndipo alternator, gawo losandutsa mphamvu ya injini kukhala magetsi, imataya mphamvu ina ngati kutentha. Tikayerekeza kuti imapulumutsa magawo 93 pa 100 aliwonse, injini iyenera kutulutsa 80 ÷ 0.93 = makilowati 86. Ndiye 86 × 210 = magalamu 18,060, omwe ndi makilogalamu 18 pa ola. Mwaona kuti bukulo silikudzitsutsa.

Apa ndi pamene ndiyenera kukuchenjezani, pakuti sindikufuna kuti mutseke nkhaniyi msanga. Makilogalamu 18 aja ndi a jenereta imene yasenza ntchito yodzadza, makilowati 80 onse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo osapumira. Chigayo sichiyenda choncho. Pali nthawi yomwe chikulira chopanda chimanga kudikira kasitomala, pali nthawi yomwe makina a mpunga aima. Ngati pa tsiku lonse jeneretayo ikusenza makilowati 60 okha, masamu amasintha. Injini ikutulutsa 60 ÷ 0.93 = makilowati 64.5. Tiike magalamu 215 pa kWh, poti injini ikachepetsedwa ntchito imadya mowonjezerako pang'ono pa kilowati iliyonse. Zikutipatsa makilogalamu 13.9 pa ola, omwe ndi malita 16.6, ndipo mgolo uyenera kukhala maola 12. Zikakhala kuti ndi mmene ntchito yanu ilili koma mgolo ukutha m'maola 9, ndiye kuti pali malita ambiri ndithu amene akulowera kwina, kaya ndi injini yodwala, kaya kudontha, kaya dzanja la munthu. Choncho chofunika kudziwa choyamba ndi kuchuluka kwa ntchito imene jenereta ikusenza. Majenereta ambiri a msinkhu umenewu ali ndi kabokosi kosonyeza makilowati komanso kWh zonse zimene yapanga. Ngati yanu imangoonetsa maampu ndi mavoti, chulukitsani 1.732 × mavoti × maampu × 0.8, kenako mugawe ndi 1,000. Pa mavoti 400 ndi maampu 110 mupeza makilowati pafupifupi 61. Ntchito yodzadza pa jenereta yanuyo ndi maampu 144 pa feizi iliyonse.

Kulemera kwa lita imodzi kuja sikuima malo amodzi, ndipo ichi ndi chimene chimapangitsa kuti nkhani ya malita ikhale yoterera. Kumasintha pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi mafuta eni akewo. Dizilo wolowa m'dziko muno kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam sachokera ku fakitale imodzi yoyengera mafuta, ndipo sitima iliyonse imabwera ndi wake. Wina akhoza kukhala wa 0.822, wina wa 0.843, onse ovomerezeka. Pa injini yanu, dizilo wa 0.820 apita malita 21.95 pa ola pomwe wa 0.845 apita malita 21.30. Kusiyana kwake ndi pafupifupi magawo atatu pa 100. Injini siwerenga malita. Imangofuna makilogalamu 18 ake kuti igwire ntchito imene mwaipatsa, ndipo governor, chipangizo cholamulira mafuta olowa mu injini, imatsegula mpaka akwane.

Chachiwiri ndi kutentha. Mafuta akatentha amafufuma, akazizira amabwerera. Pa digiri iliyonse, malita 1,000 a dizilo amawonjezekera ndi pafupifupi malita 0.8, a petulo ndi opitirira pang'ono lita imodzi. Kunena kwina, kulemera kwa lita ya dizilo kumatsika ndi pafupifupi 0.0007 pa digiri iliyonse. Mgolo umene wakhala padzuwa la ku Salima mu Okutobala, mafuta ake n'kufika madigiri 35, lita yake ikulemera 0.835 − (0.0007 × 20) = 0.821. Malita 200 oyezedwa pa kutentha kumeneko ndi makilogalamu 164 okha, ndipo atha m'maola 9 ndi mphindi 7. Kwa inu ndi mphindi khumi chabe, si zodetsa nkhawa. Koma taganizirani galimoto yonyamula malita 30,000, yopakira padoko kotentha n'kukatsitsa kumalo kozizira ngati ku Dedza. Mafutawo akazizira ndi madigiri 10, pa ndodo yoyezera pasowa malita pafupifupi 250 popanda amene watsegula chilichonse. Makilogalamu ali momwemo, angofinyikira pamalo ochepa. N'chifukwa chake pa malonda a mafuta ambirimbiri amabweza kawerengedwe konse ku madigiri 15 pogwiritsa ntchito matebulo ovomerezeka, kapena amangogulitsana m'matani. Tani imodzi ya dizilo wa 0.835 ndi malita pafupifupi 1,198, pomwe tani ya petulo wa 0.745 ndi malita 1,342.

Mwina munamvapo anthu akulangizana kuti muzimwetsa galimoto m'mamawa kukadali kozizira kuti mupindule. Maganizo ake ndi olondola koma phindu lake ndi lochepa kwambiri, chifukwa mathanki a pamalo omwetsera mafuta ali pansi pa nthaka, komwe kutentha sikusintha kwenikweni pakati pa m'mawa ndi masana. Musadzukire zimenezo.

Nanga n'chifukwa chiyani opanga injini amakakamira makilogalamu pomwe tonsefe timagula m'malita? Chifukwa mphamvu ya mafuta imayendera kulemera. Kilogalamu ya dizilo, ya petulo kapena ya mafuta a ndege ili ndi mphamvu pafupifupi yofanana, cha m'ma 43 MJ (megajoule, muyezo wa mphamvu). Pa lita ndiye zimasiyana kwambiri: dizilo ali ndi pafupifupi 36 MJ, petulo 32 MJ, chifukwa lita ya petulo imalemera pakati pa 0.720 ndi 0.775 basi. Ngakhale kusakaniza mpweya ndi mafuta mkati mwa injini kumawerengedwa m'makilogalamu: injini ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya mafuta. Pamene oyendetsa mpikisano wa galimoto wa Formula 1 anafuna kuika malire a mafuta olowa mu injini m'chaka cha 2014, anaika makilogalamu 100 pa ola, osati malita, kuti pasakhale wopindula poziziritsa mafuta ake. Chimene chimaphwanya lamulo lija loti mphamvu imayendera kulemera ndi ethanol, monga amene amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa n'kusakanizidwa ndi petulo wathu. Lita yake, ya makilogalamu 0.789, ndi yolemerako kuposa ya petulo, koma kilogalamu yake ili ndi mphamvu ya 27 MJ yokha. Kulemera kumakuuzani mphamvu pokhapokha mafutawo ali a mtundu umodzi.

Kuti muone kukula kwa nkhani imeneyi, pali ngozi ina yodziwika bwino imene ophunzira za ndege amaphunzitsidwa mpaka lero. Pa 23 Julayi 1983, ndege ya Air Canada ya mtundu wa Boeing 767 inkanyamuka ku Montreal kupita ku Edmonton kudzera ku Ottawa. Makina osonyeza kuchuluka kwa mafuta anali atawonongeka, choncho anayeza m'mathanki ndi ndodo n'kupeza malita 7,682. Ulendowo unkafunika makilogalamu 22,300. Nthawi imeneyo dziko la Canada linali likusintha kuchoka ku mapaundi kupita ku makilogalamu, ndipo ndege za mtundu umenewu zinali zoyamba za kampaniyo kuwerengera mafuta m'makilogalamu. Owerengera anachulukitsa malita aja ndi 1.77, nambala imene anazolowera, osazindikira kuti imeneyo ndi mapaundi pa lita. Anapeza 13,597 n'kuyesa ndi makilogalamu, choncho anangowonjezera malita 4,917. Akanagwiritsa ntchito 0.803, akanaona kuti m'mathanki muli makilogalamu 6,169 okha ndipo pakufunika malita ena oposa 20,000. Ndege inanyamuka ndi mafuta osafika n'theka lomwe la ofunikawo. Ili m'mwamba, injini zonse ziwiri zinazima. Woyendetsa, Robert Pearson, anali wodziwa kuulutsa tindege topanda injini, ndipo pamodzi ndi mnzake Maurice Quintal anakwanitsa kuitera pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli, m'chigawo cha Manitoba. Anthu onse 69 anapulumuka. Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi n'chakuti masamu awo anali olondola, ndipo anawabwereza kangapo n'kumapeza yankho lomwelo. Cholakwika chinali nambala imodzi yolembedwa popanda dzina la muyezo wake. Kuchokera pamenepo ndimauza aliyense amene ndimamuphunzitsa kuti asalembe 0.835 yokhayokha, alembe 0.835 kg/L, ndipo mzere uliwonse wa masamu aone ngati maina a miyezo akufafanizana bwino mpaka kutsala umene akuufunawo.

Mbali ya nthawi ndi yosavuta, tingoidutsa. Pampu yolembedwa malita 40 pa mphindi imatulutsa 40 × 60 = malita 2,400 pa ola, omwe ndi makilogalamu 2,004 a dizilo. Makina oyezera injini za galimoto amakonda magalamu pa sekondi, ndipo mukachulukitsa ndi 3.6 mupeza makilogalamu pa ola, kotero 5 g/s ndi 18 kg/h yanu ija. Chofunika n'kusintha chinthu chimodzi panthawi imodzi: yambani ndi nthawi, kenako kulemera, osati zonse pamodzi m'mutu.

Mwina mukuganiza zogula mita yoika pa paipi ya mafuta kuti nkhani ithe. Ndi maganizo abwino, koma ndaona anthu ambiri akutaya ndalama pa mita yoikidwa molakwika. Injini ya dizilo siitentha mafuta onse amene imakoka. Pampu yake imakoka ochuluka, ena amagwira ntchito yoziziritsa ndi kufewetsa pampu ndi ma injector (tizipangizo topopera dizilo m'masilinda), kenako amabwerera kuthanki kudzera m'paipi ina. Mukaika mita imodzi pa paipi yopita yokha, ikuwerengerani mafuta ochuluka zedi kuposa amene apsa. Pamafunika mamita awiri, ina popita, ina pobwerera, n'kumachotsera. Koma apanso kutentha kumalowerera, chifukwa mafuta obwerera amakhala atatenthedwa ndi injini. Tiyerekeze kuti mita yopita ikuonetsa malita 120 pa ola pa madigiri 30, yobwerera ikuonetsa malita 100 pa madigiri 55. Mukangochotsera mupeza malita 20. Tsopano tisinthe kukhala makilogalamu. Pa madigiri 30 lita ikulemera 0.8245, choncho akupita ndi makilogalamu 98.9. Pa madigiri 55 lita ikulemera 0.807, choncho akubwerera ndi makilogalamu 80.7. Apsa ndi makilogalamu 18.2, omwe pa kutentha kwa m'thanki ndi malita 22.1, osati 20. Mamita onse awiri ali bwinobwino, koma yankho laphonya ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, chifukwa kuphonya pang'ono pa manambala awiri aakulu kumakula mukawachotserana. Mamita opangidwira ntchito imeneyi amakhala ndi choyezera kutentha mkati mwake kuti azikonza okha. Aliponso a mtundu wa Coriolis amene amayeza makilogalamu mwachindunji, koma mtengo wake ndi wa mafakitale aakulu ndi sitima zapamadzi, suyenerana ndi chigayo.

Inu muli kale ndi chida chabwino kuposa mamita amenewa, ndicho sikelo yoyezera matumba. Sikelo siisamala kuti mafuta atentha kapena azizira.

Yambani ndi kuyeza dizilo amene mumagula. Tengani botolo louma la malita 5, mulembe mzere pakhosi pake, muliyeze lili lopanda kanthu. Thirani dizilo mpaka pamzerewo, muyeze, muchotsere kulemera kwa botolo. Khuthulani dizilo uja, thirani madzi mpaka pamzere womwewo, muyezenso. Gawani kulemera kwa dizilo ndi kulemera kwa madzi. Madzi akalemera makilogalamu 5.10 ndipo dizilo 4.23, ndiye kuti lita yanu ndi 0.829. Muyambe ndi dizilo, madzi pambuyo, ndipo botololo lisabwererenso ku mafuta, chifukwa madzi ndi mdani wamkulu wa pampu ndi ma injector. Pa ntchito imeneyi sikelo ya matumba ndi yokhakhala, mubwereke ija yaing'ono yowerenga magalamu. Amene amagula mafuta ambiri amagwiritsa ntchito hydrometer, kagalasi koyandama kokhala ndi manambala, pamodzi ndi choyezera kutentha, ndipo ngati mumagula migolo ingapo pa mwezi n'koyenera kukhala nako. Kuyeza kumeneku kumathandizanso pa nthawi imene mafuta asowa, anthu n'kumagula a m'zigubu kwa mavenda. Palafini amalemera pafupifupi 0.80, choncho dizilo wothiridwa palafini wambiri amapepuka. Mukabwezera ku madigiri 15 n'kupeza nambala yotsika kuposa 0.820, mafuta amenewo asalowe mu injini yanu. Komabe musadalire sikelo yokha pa zimenezi: dizilo wa 0.840 wothiridwa palafini gawo limodzi mwa magawo anayi amatsikira pa 0.830 basi, nambala yooneka yabwinobwino, chonsecho mafutawo ataya kale kuterera kumene pampu imadalira.

Kenako yezani injini yeniyeniyo. Itanani makaniko, ndipo mnyamata wanu akhalepo, aone ndi maso ake, chifukwa ndi iye amene azidzalemba manambalawa m'tsogolo. Thirani dizilo m'chigubu choyera cha malita 20, muchiike pa sikelo, patali ndi paipi ya utsi komanso moto uliwonse. Makaniko alowetse m'chigubumo mapaipi onse awiri, yokoka ndi yobwezera, aziyandama osatsamira pa chigubu kuti zisasokoneze sikelo, ndipo achotse mpweya umene walowa m'mapaipi. Lizani jenereta itenthe kaye, mulumikize chigayo ndi makina a mpunga monga mumachitira masiku onse. Ntchito ikakhazikika, lembani kulemera kwa chigubu, nthawi, ndi nambala ya kWh kapena maampu. Pakatha mphindi 30 lembaninso. Kusiyana kwa pa sikelo mukakuchulukitsa kawiri, amenewo ndi makilogalamu pa ola a injini yanu pa ntchito yanu, popanda kudalira buku. Chigubu chikapepuka ndi makilogalamu 7 pomwe kabokosi kawerenga 30 kWh, ndiye kuti mukutentha makilogalamu 14 pa ola pa makilowati 60, kapena magalamu 233 pa kWh ya magetsi. Mukachulukitsa ndi 0.93 kuti mufananize ndi za m'buku, mupeza 217. Injini yotero ndi yathanzi.

Mukatero mudzakhala ndi nambala imodzi yoti muziyang'ana tsiku lililonse: malita pa kWh. Pa ntchito yodzadza jenereta yanu iyenera kudya pafupifupi malita 0.27 pa kWh, kutanthauza kuti lita imodzi ikupatseni 3.7 kWh. Ikamagwira ntchito yochepa nambalayi imakwera kupitirira 0.3, ndipo ikamangolira ndi ntchito yosafika gawo limodzi mwa magawo atatu kwa nthawi yaitali, dizilo sapsa bwino, amayamba kutuluka wakuda ngati phula ku paipi ya utsi. Gulani kabuku, muzilemba tsiku, maola a pa mita ya injini, kWh ndi malita amene athiridwa. Kuwerengera maola okha kumanamiza, chifukwa ola la tsiku la msika silifanana ndi ola la tsiku lopanda makasitomala.

Pa malita othiridwawo samalaninso zinthu ziwiri. Mgolo umene mukuti watha umakhala ukadali ndi malita angapo pansi amene paipi siifikako, ndipo si nthawi zonse pamene mgolo wogulidwa ngati wa malita 200 umakhaladi ndi 200. Uikeni pa sikelo ukangofika, ndi pamene watha. Ngati thanki yanu ndi yozungulira yogonekedwa cham'mbali, ndodo yoyezera siiyenda mofanana: sentimita imodzi chapakati ili ndi malita ambiri kuposa sentimita imodzi chapansi kapena chapamwamba. Ndodo yotero iyenera kulembedwa mizere pothira malita odziwika, makumi awiri makumi awiri, thanki itayambira popanda kanthu.

Mayeso a pa sikelo aja akasonyeza kuti injini ikudya mogwirizana ndi buku, koma za m'kabuku ka tsiku ndi tsiku zikupitirira ndi magawo oposa 10 pa 100, ndiye kuti mafuta akutayika asanafike mu injini. Fufuzani kaye pansi pa thanki ndi polumikizira mapaipi ngati pali ponyowa, kenako muike loko pa chivindikiro. Koma sikelo yomweyo ikasonyeza kuti injini ikudya mopitirira, mwachitsanzo magalamu 260 kapena 280 pa kWh ili pa ntchito yokwanira, vuto lili mu injini. Pa chigayo choyamba kukayikira ndi fyuluta ya mpweya, chifukwa fumbi la ufa ndi mankhusu a mpunga zimaitseka msanga kuposa mmene buku limanenera, ndipo injini yobanika imatulutsa utsi wakuda n'kumadya mafuta ambiri. Fyuluta ikakhala yoyera, makaniko atulutse ma injector akawayezetse pa makina ake, aone timing ya pampu (nthawi imene imaponyera mafuta), ndipo pomaliza ayeze compression (mphamvu yopanikiza mpweya) ya silinda iliyonse, poti jenereta yogula kwa munthu maola ake enieni sadziwika ndi zimene mita ikuonetsa.